Fizikisi Yopanda Calculus: Chimene Chimagwetsa Ana Si Masamu

Mwezi wa Febuluwale mlongo wanga amene amakhala ku Indiana, m'dziko la America, anandiimbira pa WhatsApp mawu ake akumveka otopa. Mwana wake wamkazi wa zaka 16, yemwe masamu amangomwa ngati phala, anali atabweranso ndi malikisi ochititsa manyazi pa mayeso a fizikisi. "Achimwene, inu munaphunzitsako zimenezi, tamuonerani mwanayu. Kusukulu anatiuza kuti phunziroli ndi la aljebra chabe. Nanga aljebrayo si imene amakhoza?"

Ndinapempha kuti ajambule pepalalo anditumizire. Funso limene linamudyera malikisi ambiri linalibe nambala ndi imodzi yomwe. Linkanena za mkombero, wonga wa njinga wochotsa masipoko uja ana amagudubuza pamsewu, ndi gudumu lodzadza lopanda bowo. Ziwirizi n'zolemera mofanana, n'zazikulu mofanana, ndipo azisiya nthawi imodzi pamwamba pa thabwa lotsetsereka kuti zigudubuzike. Chiyambe kufika pansi n'chiti? Fotokozani m'ziganizo zomveka.

Mwanayo analemba kuti zifika limodzi, chifukwa Galileo, katswiri wa sayansi wakale wa ku Italy, anasonyeza kuti kulemera kwa chinthu sikusintha kagwedwe kake. Chiganizo chabwino, Chingerezi chosalala, Galileo sanamunamizire. Koma yankho n'lolakwa, ndipo kulakwa kwake kukuonetsa bwino chimene phunziroli limafuna kwa mwana. Tibwererako ku mkomberowo. Poyamba tione kuti phunziro lake ndi lotani.

Ku America kuli bungwe lotchedwa College Board limene kuyambira 1955 limayendetsa ndondomeko ya Advanced Placement, mwachidule AP. Mwana akadali ku sekondale amatenga phunziro la msinkhu wa chaka choyamba cha ku koleji, n'kulemba mayeso ake mwezi wa Meyi. Zotsatira zimachokera pa 1 kufika pa 5, ndipo 5 ndiye pamwamba. Mlongo wanga zinamusokoneza poyamba, poti ife a MSCE tinazolowera kuti amene wapeza 1 ndiye womuphera nkhuku. Makoleji ambiri amati ukapeza 3, 4 kapena 5, malinga ndi lamulo la koleji iliyonse, phunziro limenelo usabwerezenso ukafika kwawo.

Fizikisi ya AP ili panayi. Iwiri, yotchedwa Physics C, imagwiritsa ntchito calculus, masamu apamwamba a zinthu zosinthasintha. Ina iwiriyo, Physics 1 ndi Physics 2, imayenda ndi aljebra, jometiri ndi trigonometry pang'ono basi. Kale iwiri yomalizayi inali phunziro limodzi, Physics B, lomwe linkapanikiza zonse m'chaka chimodzi, kuyambira kuyenda kwa zinthu mpaka za mkati mwa atomu. Aphunzitsi ankangothamanga, ana n'kumaloweza mafomula ngati ndakatulo. Ndiye analigawa pawiri, mayeso atsopano n'kuyamba kulembedwa mu 2015. Mitu inachepa, koma mafunso anazama. Kwa zaka zambiri chiyambireni, ana opeza 3 kapena kuposa pa Physics 1 sankafika theka la olemba, ndipo phunziroli linatchuka kuti ndi limodzi mwa ogwetsa kwambiri pa AP yonse.

Mmene zilili kuchokera pa mayeso a 2025, Physics 1 ili ndi mitu 8: kayendedwe ka zinthu, force (kukankha kapena kukoka) ndi malamulo a Isaac Newton, energy, momentum (kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake), mitu iwiri ya zinthu zozungulira, zinthu zogwedera uku ndi uku, ndi zamadzimadzi, mutu umene anausamutsa kuchokera ku Physics 2. Mayeso a 2025 anali a maola atatu: mafunso 40 osankha yankho m'mphindi 80, kenako mafunso 4 olemba m'mphindi 100. Kakyuleta amaloleza. Pepala la mafomula amakupatsa okha. Mwana amene mphamvu zake zonse zinali pa kuloweza amalowa m'chipinda cha mayeso n'kupeza kuti zonse analowezazo azisindikiza kale, aziika patebulo la aliyense.

Funso loyamba loyenera kufunsa ndi lakuti: zimatheka bwanji kuphunzira za kuyenda kwa zinthu popanda calculus, pamene calculus ndiye masamu a zinthu zosinthasintha? Yankho lili m'mbiri. Galileo anamwalira mu 1642, calculus isanabadwe. Leibniz, mmodzi mwa oyambitsa calculus, anasindikiza yake mu 1684. Koma malamulo a kagwedwe ka zinthu Galileo anali atawalemba kale mu 1638. Ndipo iye asanabadwe n'komwe, akatswiri a ku Merton College ku Oxford, m'zaka za m'ma 1300, anali atapeza mfundo imene mutu woyamba wonse waimapo. Mfundoyo imati ngati liwiro la chinthu likukwera mosadumphadumpha, mtunda umene chayenda ndi wofanana ndi umene chikanayenda pa liwiro lapakati, la pakati pa loyambira ndi lomalizira.

Tenga wakabaza amene wanyamuka pamalo, n'kumapalasa mowonjezera pang'onopang'ono mpaka pakutha masekondi 10 akuyenda mamita 6 pa sekondi. Liwiro lapakati ndi 3. Wayenda mamita 30. Palibenso china. Ukajambula girafu ya liwiro ndi nthawi, imatuluka mzere wowongoka wokwera, ndipo pansi pake pali katatu, chojambula cha ngodya zitatu, amene kukula kwake ndi theka la 10 kuchulukitsa ndi 6, womwe ndi 30 yemweyo. Munthu wa calculus akaona zimenezi amati ndi integration. Mwana wa aljebra amangoti ndapeza kukula kwa katatu. Mafomula onse a mutu woyamba, amene ana amawaopa ngati ndi anayi kapena asanu osiyana, ndi katatu ameneyu atavala malaya osiyana.

Chinsinsi chake ndi mawu akuti "mosadumphadumpha". Aljebra imakwanira pamene acceleration, ndiko kuti mmene liwiro likusinthira pa sekondi iliyonse, siikusintha. Ndipo mwamwayi chinthu chofala kwambiri padziko, kugwa, chimatsata zimenezi. Chinthu chikamagwa pafupi ndi nthaka, mpweya ukapanda kuchisokoneza kwambiri, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi pakutha pa sekondi iliyonse. Nambalayi imatchedwa g, ndipo powerengera mwachangu timangoti 10. Ponya mwala m'chitsime, umve kuti thibu pakutha masekondi awiri: liwiro lomalizira ndi 20, lapakati ndi 10, ndiye madzi ali pa mamita 20. Ukamveka pakutha sekondi imodzi, chitsimecho si cha mamita 10 ayi, ndi cha mamita 5. Nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanayi. Galileo anaziona pogudubuza timipira pathabwa: m'nthawi zofanana zotsatizana, mitunda inkayenda 1, 3, 5, 7.

Apa ndi pamene mawu akuti "aljebra chabe" amanamiza makolo. Aljebra imene mwana anazolowera m'kalasi ya masamu ndi yofufuza x: nambala zonse wapatsidwa, imodzi yabisala, ipeze. Aljebra ya phunziroli ndi yoti nambala palibe, ndipo chimene ukufufuza ndi ubale wa zinthu.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha minibasi yomanga mabuleki matayala n'kumakhwekhwereza pa tara. Itsetsereka mtunda wotani isanaime? Mwana wozolowera nambala amafunsa msanga kuti minibasiyo ikulemera bwanji. Umamuuza kuti alembe m. Kugwirana kwa tayala ndi msewu kumaimiridwa ndi chilembo μ, ndipo force yoimitsa minibasiyo ndi μ kuchulukitsa m kuchulukitsa g. Lamulo lachiwiri la Newton limati acceleration ndi force kugawa ndi m. Ndiye m wam'mwamba ndi m wam'munsi amadyana, n'kutsala μg. Mtunda d, pa liwiro v, umatuluka motere: d = v² / 2μg. Kulemera kwasowa m'yankho. Chatsala ndi liwiro, ndiponso lili lodzichulukitsa lokha.

Ikamo nambala tsopano. Pa tara wouma μ amakhala cha m'ma 0.7. Pa liwiro la mamita 15 pa sekondi, omwe ndi makilomita 54 pa ola, minibasi itsetsereka mamita pafupifupi 16. Pa makilomita 108 pa ola itsetsereka mamita 64. Dalaivala wawirikiza liwiro kawiri, msewu wofunika kuti aime wawirikiza kanayi. Mvula ikagwa μ n'kutsika ndi theka, mitunda yonseyi iwirikizanso kawiri. Mwana amene anathamangira kakyuleta amapeza 16 wake n'kukhala phee. Ukamufunsa za 108 amayambiranso pachiyambi. Amene anapirira ndi zilembo wayankha mafunso onse a mtunduwu kamodzi.

Mwana wochenjera amatsutsa apa, ndipo amachita bwino. Amati aliyense akudziwa kuti minibasi yodzaza anthu ndi matumba a chimanga imavuta kuima. Zoona. Fomula ija ikunena za pamene chopinga ndi kugwirana kwa tayala ndi msewu. Galimoto yopyola muyezo wa katundu, chimayamba kulephera ndi mabuleki enieniwo, amatentha, sangathenso kugwira gudumu mokwanira. Kudziwa pamene fomula ikugwira ntchito ndi pamene yasiya n'chimodzi mwa zimene olemba mayesowa amafuna kuona, ndipo palibe pepala la mafomula limene limanena zimenezo.

Komabe vuto lalikulu silili pa zilembo. Lili pa zimene thupi linatiphunzitsa tisanalowe m'kalasi. Munthu aliyense amakula akukankha wilibala, akumenya mpira, akukoka chidebe, ndipo pofika zaka 16 ali kale ndi fizikisi yakeyake m'mutu. Fizikisi imeneyi imati chinthu chimayenda chifukwa china chake chikuchikankha, ukasiya kukankha chimaima. Imati mpira ukaumenya umatenga mphamvu ya phazi, n'kumaidya pang'onopang'ono mpaka itatha. Anthu ophunzira kwambiri ankakhulupirira zofanana ndi zimenezi kwa zaka mazanamazana Newton asanalembe malamulo ake mu 1687, choncho si uchitsiru. Koma n'zolakwa. Newton amati chinthu choyenda chimapitirirabe pa liwiro lomwelo, njira yomweyo, mpaka china chitachisokoneza. Mpira suima chifukwa chakuti china chatha mkati mwake. Umaima chifukwa udzu ndi mpweya zikuukankhira m'mbuyo.

Mu 1992 David Hestenes wa ku Arizona State University ndi anzake awiri anasindikiza mayeso otchedwa Force Concept Inventory, mafunso osafuna kuwerengera kulikonse, ongofufuza fizikisi yobisala m'mutuyi. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard, atayesa ophunzira ake ndi mafunso a mtundu umenewu, anadabwa kupeza kuti ambiri amene ankakhoza mafunso ovuta a nambala ankagwa pa mafunso ooneka ngati achibwana. Anasintha kaphunzitsidwe kake, n'kuyamba kumaimitsa phunziro kuti ophunzira atsutsane okhaokha. Mafunso a Physics 1 ndi a mtundu womwewo.

Limodzi lotchuka ndi ili. Lole ya matani 20 yawombana ndi kagalimoto ka tani imodzi. Ndi iti yamenya inzake ndi force yaikulu? Pafupifupi aliyense amati lole. Lamulo lachitatu la Newton limati n'zofanana ndendende. Mwana amaliwerenga, amalilemba m'kope, amalinena pamtima, koma ukamuonetsa chithunzi cha kagalimoto kophwanyika mtima wake umabwerera kwa lole. Chimene maso aona si force, ndi zotsatira zake. Force yomweyo ikagwera chinthu chopepuka ka 20, liwiro lake limasintha mowirikiza ka 20, ndipo n'zimene zimapha okwera kagalimoto pamene dalaivala wa lole wangogwedezeka.

Lina: ponya mwala m'mwamba. Pa nsonga penipeni, pamene waima kaye usanayambe kubwerera, acceleration yake ndi yotani? Ana ambiri amati ziro, poti liwiro ndi ziro. Koma ikanakhala ziro mwalawo ukanakhala pomwepo m'malere mpaka madzulo. Dziko silinasiye kuukoka. Acceleration idakali 9.8 kuloza pansi.

Ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wina wowonjezera. Mawu athu akuti mphamvu amanyamula katundu wa anthu atatu. Force ndi mphamvu, energy ndi mphamvu, power ndi mphamvunso. Mu fizikisi izi ndi zinthu zitatu zosiyana, zoyezedwa mosiyana: force ndi kukankha kapena kukoka, energy ndi chimene chimasamuka force ikayendetsa chinthu mtunda wakutiwakuti, power ndi changu cha kusamukako. Munthu wosenza thumba la simenti ataima chilili akulikankha m'mwamba ndi force yaikulu, thukuta lili kamukamu, koma kwa thumbalo sakupereka energy iliyonse, poti silikukwera. Chimodzimodzi kulemera: timagwiritsa mawu amodzi pa mass, kuchuluka kwa zimene zapanga chinthu, ndi pa weight, mmene dziko likuchikokera. Thumba la makilogalamu 50 likapita ku mwezi likhalabe la makilogalamu 50, koma kukokedwa kwake kutsika kasanu ndi kamodzi. Sindikunena izi ponyoza chinenero chathu; Chingerezi cha pamsewu nachonso chimasakaniza mawu amenewa. Kungoti mphunzitsi amene akumasulirira ana mu Chichewa, monga tonse timachitira ana akasowa, ayenera kudziwa kuti akangoti "mphamvu" watseka kusiyana kumene phunziro lonse likufuna kutsegula.

Mankhwala amene aphunzitsi amapereka pa zonsezi ndi kachithunzi kosaoneka bwino: kadontho koimira chinthucho, ndi mivi yosonyeza force iliyonse imene ikuchikhudza. Lamulo lake ndi lakuti muvi uliwonse utchule mwini wake. Dziko likukoka pansi, tebulo likukankha m'mwamba, chingwe chikukoka cha uko. Mwana akajambula muvi woloza kutsogolo pa mpira umene uli kale m'malere, umamufunsa kuti akuukankha ndani. Amati phazi. Umati phazi lili pansi, mpira uli m'mwamba, likuukhudza bwanji? Amakhala chete, n'kufufuta muviwo. Kufufuta kumeneko ndi phunziro la mwezi wathunthu.

Tsopano njira yachiwiri imene aljebra imazembera calculus, yomwenso ndi yokoma kuposa yoyamba. Pali zinthu zimene kuchuluka kwake sikusintha ngakhale pakati pachitike zotani. Energy ndi chimodzi, momentum ndi china. Mwana ali pa katungwe, force imene ikumuyendetsa imasintha mphindi iliyonse pamene chingwe chikupendekeka, ndipo kutsata ulendowo phazi ndi phazi kumafunadi calculus. Koma ngati ukungofuna liwiro lake pofika pansi, sufunika kutsata ulendowo. Umangoyerekeza poyambira ndi pothera. Pamwamba anali ndi energy ya kutalika, mgh, pamene h ndi kutalikako. Pansi yonse yasanduka ya liwiro, ½mv². Ziwirizi n'zofanana, m amadyananso, ndipo v = √(2gh). Njira imene wadutsa ilibe ntchito. Madzi otuluka pa kabowo ka m'munsi mwa thanki amatsata fomula yomweyi, monga anapezera Torricelli, amene anali wothandizira Galileo: ngati madzi a m'thankimo afika mamita 5 pamwamba pa bowolo, amatuluka pa liwiro la mamita 10 pa sekondi, lofanana ndi la mwala wogwa kuchokera pa mamita 5.

Ndi chida chimenechi tibwerere ku mkombero uja. Mkombero ndi gudumu lodzadza zikuyamba ndi energy yofanana, poti kulemera ndi kutalika n'zofanana. Koma chinthu chogudubuzika chimachita ziwiri nthawi imodzi: chikupita kutsogolo, chikuzunguliranso. Energy iyenera kugawidwa pa ntchito ziwirizo. Mkombero chitsulo chake chonse chili m'mphepete, kutali ndi pakati, kumene pozungulira kumathamanga kwambiri; choncho kuuzunguza kumadya zambiri, theka lenileni la energy yonse. Gudumu lodzadza mbali yaikulu ya thupi lake ili pafupi ndi pakati, kumene kumazungulira pang'onopang'ono, ndiye kuzungulira kumangodya gawo limodzi mwa atatu, magawo awiri n'kutsalira ulendo wa kutsogolo. Gudumu lodzadza lifika msanga. Mpira wodzadza, ngati mabo, ungapose onse awiri, poti kuzungulira kwake kumangotenga magawo awiri mwa asanu ndi awiri. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kulemera ndi kukula zimadyana n'kusowa m'yankho: mkombero wa thirakitala ndi mphete ya chala zingafike limodzi, zonse pambuyo pa kabatire ka tochi.

Ndiye mwana wa mlongo wanga sananame kuti kulemera kulibe ntchito. Anangotenga lamulo la zinthu zogwa n'kuliika pa zinthu zogudubuzika osafunsa ngati likukwana. Chofunika pano si kuchuluka kwa kulemera koma kumene kulemerako kwakhala. Pa mayeso, yankho lonse limene ndalemba pamwambapa ndi limene amafuna, m'ziganizo zinayi kapena zisanu zotsatana bwino, chilichonse chikutuluka mwa chinzake. Pa mafunso anayi olemba aja, pali lofuna kuti mwana afotokoze m'mawu kaye, kenako atulutse fomula, kenako asonyeze kuti fomulayo ikugwirizana ndi zimene ananena m'mawu. Pali lofuna kusandutsa nkhani imodzi kukhala chithunzi, girafu ndi masamu. Ana ambiri okhoza masamu sanayambe apemphedwapo kulemba chiganizo m'kalasi ya sayansi.

Funso linanso ndi lopanga kafukufuku. College Board imafuna kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi ya phunziroli likhale la mu labu, ana akugwira zinthu ndi manja, ndipo pa mayeso amakupatsa zipangizo pa pepala n'kukuuza kuti konza njira yoyezera chakutichakuti. Luso lalikulu apa ndi lowongola girafu yokhota. Mangirira nati ku ulusi, uyeze nthawi imene imatenga kupita ndi kubwera. Ulusi wa mita imodzi umatenga masekondi pafupifupi awiri. Wa mamita 4 sutenga 8, umatenga 4. Ukajambula nthawi ndi kutalika kwa ulusi, mzere umakhota, ndipo pa mzere wokhota maso sangaweruze kanthu. Koma ukajambula nthawi yodzichulukitsa yokha, mzere umawongoka, ndipo kupendekeka kwake ndi 4π² kugawa ndi g. Kuchokera pamenepo umapeza g. Osayeza ulendo umodzi, chala chimachedwa kudina. Yeza maulendo 10, ugawe ndi 10, kulakwa kwa chala kuchepe kakhumi.

Ndimakonda kafukufuku ameneyu chifukwa safuna labu. Ulusi, nati, tepi ya telala ndi wotchi ya pa foni zakwana, ndipo ukasamala umapeza nambala yoyandikira 9.8 pansi pa mtengo wa mango. Fizikisi ya MSCE nayonso ndi ya aljebra, ndipo chiigawireni kuchoka mu Physical Science n'kukhala phunziro palokha, ili ndi malo okwanira zoterezi. M'masukulu ambiri oyendera kumudzi zipangizo n'zosowadi, sindikutsutsa. Koma ndikakumbukira mmene ine ndinkaphunzitsira, ndimavomera kuti masiku ena zipangizo zinali chonamizira. Kulemba fomula pa bolodi kunali kofulumira, silabasi inali kundithamangitsa, ndipo ana ankakhoza mayeso anga chifukwa ndinkawafunsa zomwezo ndinalembazo.

Aljebra ili ndi malire ake, ndipo mwana ayenera kuuzidwa poyera. Dontho la mvula likamagwa, mpweya umalikankha mwamphamvu pamene liwiro likukwera, choncho acceleration imatsika mpaka dontholo limafika pa liwiro losakweranso. Mwana wa Physics 1 angafotokoze zimenezi m'mawu, angajambule maonekedwe a girafu yake, angapezenso liwiro lomalizalo, koma sangawerengere liwiro la pa sekondi iliyonse ya pakati. Fomula ya nthawi ya katungwe amangopatsidwa, sangaitulutse yekha. Theka lija la mkombero ndi losavuta kuliona, koma nambala za gudumu lodzadza ndi za mpira amazilandira ngati mphatso, poti kuzipeza n'kuphatikiza tizidutswa tosawerengeka. Physics 2, yomwe ili ndi za kutentha, magetsi, maginito, kuwala, mafunde ndi za atomu, imayenda chimodzimodzi: capacitor, kachipangizo kosunga magetsi, ikamadzaza, mwana amawerengera poyambira ndi pothera, pakatipo amangofotokoza.

N'chifukwa chake kusankha kumadalira kumene mwana akulowera. Makoleji ambiri a uinjiniya ndi a fizikisi yeniyeni salola Physics 1 kulowa m'malo mwa phunziro lawo la chaka choyamba, amafuna ya calculus. Ya aljebra imafanana ndi imene amaphunzira a bayoloje ndi a zaumoyo. Maganizo anga ndi akuti ngakhale wofuna uinjiniya sataya kanthu poyamba ndi ya aljebra. Calculus ndi galimoto yamphamvu, imatha kufikitsa munthu pa yankho lolondola iye osadziwa kuti wadutsa kuti. Wopanda galimotoyo amakakamizika kuyenda pansi, ndipo njira amaidziwa.

Mwana uja sindinamutumizire mafunso ena owerengera, anali nawo kale ochuluka. Ndinamuuza kuti atenge mabotolo awiri ofanana a madzi, limodzi aliike mu firiji mpaka liume gwaa, linalo alisiye la madzi, ndipo asanawagudubuze andilembere kuti lipambane ndi liti, ndi chifukwa chake. Anakhala masiku awiri osayankha. Kenako uthenga unabwera usiku, kwawo kuli masana: "Amalume, ndikuganiza kuti la madzi. Louma lizungulira lonse ngati gudumu lodzadza. La madzi chizungulire ndi botolo lokha, madziwo angotsetsereka mkati, ndiye energy yochepa ipita ku kuzungulira." Pansi pake panali kavidiyo: thabwa la mu shelefu litatsamira pa mabuku, mabotolo awiri atagwiridwa ndi rula, rula n'kuchotsedwa. La madzi linafika pansi linzake likadali m'mbuyo ndi chikhatho chathunthu, n'kupitirira kukagunda mwendo wa tebulo, ndipo chakumbuyo kunkamveka mawu a amayi ake akufunsa kuti thabwa limenelo walizula pati.